Masewera a pa tabuleti ndi chidwi cha ana pa kuwerenga ku Johannesburg

Masewera ophunzitsa kuwerenga ndi mapulogalamu a pa foni, tabuleti kapena kompyuta. Mwana amamva liwu n'kukhudza chilembo chake, ndipo akakhoza amalandira nyenyezi kapena kukwera gawo lina. Ku Johannesburg afika zinthu zitathina: kafukufuku wa PIRLS wa 2021 adapeza kuti ana 81 mwa 100 alionse a Grade 4 ku South Africa sangawerenge n'kumva zomwe awerengazo m'chinenero chilichonse, pomwe mu 2016 adali 78. Bungwe la Click Learning lidalowetsa pulogalamu ya Chingerezi ya Reading Eggs m'sukulu zosauka, kuphatikizapo za m'chigawo cha Gauteng, komwe kuli Johannesburg.

Zoti masewerawa amakopa ana n'zosachita kufunsa. Mwana wamanyazi, yemwe amangoti zyoli akauzidwa kuti awerenge mokweza, akavala mahedifoni amalakwa yekhayekha popanda womuseka, n'kuyesanso. Komatu kukonda nyenyezi ndi kukonda buku n'zosiyana. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake adaonetsa kuti ana a sukulu ya mkaka omwe adalonjezedwa mphoto akajambula, pambuyo pake chidwi chawo chojambula mwa okha chidatsika. Wina angati zilibe kanthu, bola mwana wadziwa zilembo. Akunenadi zoona pang'ono, poti wosadziwa zilembo sangakonde buku. Koma ngakhale ku Lusaka, komwe masewera a GraphoGame ochokera ku Finland adayesedwa m'Chinyanja pa ana a Grade 1, phindu lidaoneka kwambiri pomwe mphunzitsi naye adaphunzitsidwa masewerawo. Tabuleti payokha siinyamula kalasi.

Kwa ana a Amalawi okhala ku Joni mfundo yolimba ndi chinenero. Kunyumba n'Chichewa, pabwalo n'Chizulu kapena Chisutu, pa tabuleti n'Chingerezi. Mwana wotere atha kulozera chithunzi cholondola mongopenekera, nyenyezi n'kumachuluka, koma mawuwo osawamva. Masewera a Chichewa alipo: bungwe la onebillion, limodzi mwa magulu awiri omwe adapambana Global Learning XPRIZE mu 2019, lidapanga pulogalamu yomwe boma la Malawi lakhala likufalitsa m'sukulu za pulayimale kuyambira 2023 pansi pa ndondomeko ya BEFIT. Ku Johannesburg Chichewa sichili m'gulu la zinenero 12 za boma, choncho mwana wa ku Mayfair kapena ku Diepsloot sadzakumana nacho m'kalasi; angachipeze pokhapokha makolo atamusakira okha pa foni.