Kuyenda Pansi ku Linga: Kuchokera ku Msewu Kufika pa Dooko la Jumbe

Ambiri mwa inu, olemekezeka amene mwafika pa mwambo uno, munadutsapo pa Nkhotakota muli m'galimoto. Munaona msika, mwina munagulako mpunga, n'kupitiriza ulendo. Koma tawuni imene ili m'mbali mwa msewu wa M5 ndi yam'mbuyo muno. Linga lenileni lili kumunsi, kunyanja, ndipo wofuna kulidziwa ayenera kutsika, n'kuyenda pansi chakum'mawa. Akamatsetsereka, zaka nazo zimanka zibwerera m'mbuyo.

Chaka choyamba kuchikumbukira ndi 1960. Kuno, pamene Azungu ankalemba dzina la malowa kuti Kota Kota, chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano waukulu umene unasankha Dr. Hastings Kamuzu Banda kukhala mtsogoleri wake wamuyaya. Nkhaniyi ndi yodziwika, choncho sitichedwapo.

Tiime pa mishoni ya Anglican, imene amishonale a UMCA anatsegula mu 1894. M'tchalitchi cha All Saints mwagona Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanja mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe, atangodzozedwa kumene ubishopu. Sitima imene inatchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanja mu 1901. Pafupi ndi chipatala cha St Anne's pali mkuyu waukulu pamene chikwangwani chimanena kuti David Livingstone anakumana ndi Jumbe pamodzi ndi mafumu a Achewa mu 1863. Alendo amakonda kujambulitsa pamenepa. Koma chimene Livingstone anaona pa ulendowo, chomwe ambiri sachitchula, ndi ntchito ya manja: anapeza chombo chachikulu cha matanga chikukhomedwa m'mbali mwa nyanja. Mbiri ya chuma cha Linga yagona pa chombo chimenecho.

Kuti mumvetse, fikani pamchenga ndipo muyang'ane kutsogolo. Mudzaona mtanda wa mchenga wa Sungu utatambalala m'nyanja ngati mkono. Mkono umenewu umatchinga mwera, mphepo imene yameza mabwato osawerengeka, kotero kuti mkati mwake madzi amakhala odekha. Ichi ndicho chinakopa Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera ku gombe la Indian Ocean, kuti akhazikike pano m'zaka za m'ma 1840. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba. Anapeza eni nthaka, Achewa, ali kale pano ndi mafumu awo, ndipo mphamvu zake zinakula chifukwa cha mfuti, wonga, nsalu ndi mikanda.

Taganizani za manja amene dooko lotere linkafuna. Ena ankagwetsa mitengo ndi kucheka matabwa. Amisiri ankakhoma zombo. Ena ankasoka matanga ndi kupota zingwe. Amtengatenga ankabwera ndi minyanga ya njovu kuchokera ku Kasungu ndi ku chigwa cha Luangwa. Alendo ochuluka chotere ankafuna chakudya, ndipo madambo a Linga anasanduka minda ya mpunga. Mpunga wa faya, umene mbiri yake inamveka dziko lonse, mizu yake ili m'nthawi ya ma Jumbe. Chisilamu nachonso chinalowera pa dooko lomweli, ndipo malo a mzikiti wakale ndi manda a ma Jumbe akadalipo kufupi ndi nyanja.

Apa tiyenera kunena mosabisa mawu. Katundu wamkulu wa zombo zimenezi anali anthu. Amuna m'magoli, amayi ndi ana, ankasonkhanitsidwa pano, n'kupakiridwa mothithikana kuwolokera kutsidya, dziko limene lero ndi Mozambique. Kuchokera kumeneko ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankatsala m'njira. Ena mwa ogwira anthuwo anali a mtundu wathu womwe, ogulitsa anansi awo pofuna nsalu ndi mfuti. Luso la mmisiri wa zombo ndi misozi ya kapolo zinakumana pa thabwa limodzi, ndipo amene amatamanda mpunga wa Linga osatchula goli wanena theka la nkhani.

Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo m'malo mwa boma la Britain. Pofika 1895 Jumbe womaliza anali atachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar, ndipo atsamunda anatenga ulamuliro. Zombo za matanga zinapitiriza kunyamula mpunga ndi katundu wina, koma pang'onopang'ono sitima za moto zinazilanda malo. Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba ntchito mu 1951. Chodabwitsa n'chakuti mchenga womwe unapatsa Linga dooko ndiwo unalimana sitima zazikulu: madzi ndi osaya, moti Ilala ikafika inkaima patali, ndipo anthu ndi katundu ankakatengedwa pa maboti aang'ono. Msewu wa tala utafika, malonda anasamukira kumtunda.

Mu 2011 dziko la Malawi linapereka ku UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo ndi za Livingstone, ndipo Nkhotakota ili pamenepo. Koma m'mawa uliwonse pagombe lakale mumapeza asodzi akusoka maukonde ndi amayi akuyanika usipa pa thandala. Mukafika, yambani mwapereka moni kwa akuluakulu okhala pamthunzi, ndipo muwapemphe akulozereni pamene pankaima zombo za Jumbe.