Ma house a m'sukulu zogonera anachokera kuti?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, dzina loti house lija silinangobwera. Ku Eton, sukulu ya ku England imene inakhazikitsidwa mu 1440, ana ambiri ankagona m'nyumba zenizeni za m'tauni, zosungidwa ndi amayi otchedwa ma dame. Patapita zaka zambiri aphunzitsi anazitenga nyumbazo, n'kukhala ma housemaster.

Koma amene ndimamuganizira kwambiri ndi Thomas Arnold, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Rugby kuyambira 1828 mpaka 1842. Iyeyu anawonjezera mphamvu za ana a kalasi yomaliza kuti azisungitsa mwambo pakati pa anzawo. Masiku amenewo aang'ono ankatumikira akuluakulu: kupukuta nsapato, kuphika tiyi, kutumidwa uku ndi uko.

Dongosololi linafika kuno kudzera m'sukulu za nthawi ya atsamunda monga Dedza, yotsegulidwa mu 1951, ndipo Kamuzu Academy ya 1981 inachita kutengera Eton.

Ubwino wake sindiukana. Mwana wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje amasanduka pachibale pochemerera house yawo pa mpira. Komabe kuzunza a Fomu 1 ine ndimakuona ngati mphukira ya mtengo womwewo. Housemaster akapita kukagona, hostelo imatsala m'manja mwa mnyamata wa zaka 17.