Mbiri ya Magalasi Obvala Kumaso

Mwezi uno tifuna kukamba za cipangizo cina cimene munthu abvala kumaso, nacilumikiza ndi cingwe ku kompyuta, ndipo pomwepo aona ngati walowa m'dziko lina, ngakhale ali cikhalire pa mpando wace. Azungu acichula VR headset. Ambiri ayesa kuti nzeru imeneyi ndi ya dzulodzuloli, koma mizu yace ndi yakale ndithu.

Tisanapite patali, yesani ici: imikani cala patsogolo pa mphuno, tsinzinani diso lamanzere, bwino lace lamanja. Mudzaona ngati calaco cadumpha. Pakuti diso liri lonse lipenya kucokera ku mbali yace, ndipo m'mutu mwathu zithunzi ziwirizo ziphatikizidwa, kotero kuti tizindikira capafupi ndi capatali.

Munthu woyamba kulongosola bwino cinthu ici ndiye Charles Wheatstone, mphunzitsi wa ku London. M'caka ca 1838 iye anaonetsa anthu cipangizo cace ca akalirole awiri, coonetsa diso liri lonse cithunzi cace cace. Ndipo zojambula za pa pepala zinaoneka ngati zoti munthu angathe kuzigwira. Mu 1849 David Brewster wa ku Scotland anacicepetsa, nacisandutsa kabokosi ka magalasi, kamene kanakondweretsa Mfumukazi Victoria pa cionetsero cacikuru ca ku London mu 1851.

Koma amene tiyenera kumkumbukira koposa ndiye Oliver Wendell Holmes, dotolo wa ku Boston, m'dziko la America. Iye mu 1861 anapanga cace ca mtengo, copepuka, cogwira m'dzanja limodzi. Ndipo sanafune kukalembetsa kuboma kuti nzeruyo ikhale yace yekha, koma anailekera onse. Cifukwa cace amisiri ambiri anayamba kuzipanga, mtengo wace unatsika, ndipo m'nyumba za anthu wamba ana anapenya mapiri ndi mizinda imene makolo ao sanapondemo.

Zithunzi zimenezo zinali zongoima. Mu 1968 Ivan Sutherland, pa sukulu yaikuru ya Harvard, analumikiza magalasi otere ku kompyuta, kuti munthu akatembenuza mutu, cithunzi comwe citembenuke naye. Cipangizo cace cinalumikizidwa ndi mkono wacitsulo wopacikidwa kudenga, ndipo cinaonetsa mizeremizere cabe. Zaka zambiri zinapita, zinthuzi ziri za akuru a sukulu, asilikari ndi eni cuma okha. Ngakhale mu 2016, pamene Oculus Rift inayamba kugulitsidwa, mtengo wace unali madola 599, ndi wa HTC Vive madola 799. Pamwamba pa izi panafunika kompyuta yamphamvu, ndi tizipangizo tina toimika m'cipinda, tolondola kuyenda kwa mutu.

Mu 2017 a Microsoft anapangana ndi a Acer, HP, Lenovo, Dell ndi Samsung kuti apange magalasi a munthu woyamba kumene. A Acer anagulitsa ao pa madola 299. Anali opepuka pamutu, ndipo pamphumi pao panali timakamera tiwiri topenya cipinda, kotero kuti sipanafunikenso kuimika kanthu pakhoma. Anthu amene kale anangomva mbiri yace tsopano anagula, nakondwera.

Tsono taonani cimene cinacitika. Magalasi amenewa sanathe kugwira nchito pa okha, koma anatsamira pa malangizo amene a Microsoft anaika m'kati mwa Windows. M'mwezi wa December 2023 eni acewo analengeza kuti aleka kusamala nchitoyi, ndipo mu 2024 anacotsa malangizowo mu Windows yatsopano. Munthu anali ndi magalasi ace osasweka, cingwe cosaduka, koma akalandira Windows yatsopanoyo sanaonemo kanthu. Pomwepo ca mtengo ca Holmes cija, ca zaka zoposa 160, cikali kuonetsa zithunzi lero lomwe, popeza sicifuna cina koma kuwala ndi maso awiri.

Komabe mbiriyi siinathere pamenepo. Mu 2025 mmisiri wina analemba malangizo atsopano m'nthawi yace yopuma, nawapereka kwaulere, ndipo ambiri a magalasi amene anagona m'mabokosi anayambanso kugwira nchito. Munthuyo anayenda m'mapazi a Holmes.

Tiphunzirapo ciani, abale? Kutsika kwa mtengo ndi cinthu cabwino, pakuti kutsegulira osauka khomo limene linali la olemera okha. Koma pogula cipangizo ciri conse ca masiku ano, kaya foni kaya kompyuta, tisafunse za mtengo wokha. Tifunsenso kuti, Kodi cidalira yani kuti cigwire nchito? Nanga mwini waceyo akaleka, ife tidzatsala ndi ciani m'manja? Akuru akale anati, Fodya wako ndiye ali pamphuno. Wa pa cala ngwa mphepo. Ndalama ya nkhuku kapena ya thumba la cimanga siibwera mwamasewera. Tiyeni tiziitulutsa maso onse awiri ali cipenyere.