Za Madotolo a ku Kenya ndi Pangano Losasungidwa

M'caka ca 2013 Boma la Kenya ndi bungwe la madotolo a dzikolo anagwirizana nalemba pangano. M'menemo munali mau akuti malipiro adzakwera kwambiri, madotolo ena adzalembedwa nchito, ndipo zipatala zidzalandira mankhwala ndi zipangizo zokwanira. Koma caka comweco nchito ya zipatala inacoka m'manja mwa Boma lalikuru, nipatsidwa kwa maboma ang'ono 47. Tsono awa anati sitinalemba ndife panganolo, ndipo Boma lalikuru linati silinakhazikike mwa lamulo. Zaka zitatu zinapita comweco.

Pa 5 December 2016 madotolo a zipatala za Boma analeka nchito onse pamodzi. Masiku oyambawo odwala misala ambiri anathawa ku cipatala ca Mathari mu Nairobi. Mtsogoleri wa dziko, Uhuru Kenyatta, analonjeza kuonjeza mashilingi 40 pa 100 ali onse, koma iwo anakana. Ena anawayesa aumbombo. Ife sititero, pakuti munthu amene wanyengedwa ndi kalata yoyamba sakhulupirira msanga yaciwiri.

M'mwezi wa February 2017 bwalo la mirandu linaponya akuru 7 a bungwelo m'ndende cifukwa cosamvera lamulo lace lakuti abwerere ku nchito. Cimeneci cinangokoleza moto, ndipo atagona masiku awiri anamasulidwa.

Taganizani, awerengi, amene analipira mlandu umenewu. Mwini cuma anapita ku cipatala colipira. Wa kumudzi anagulitsa mbuzi kapena munda, kapena anapita ku zipatala za misyoni, zimene zinadzaza kopitirira muyeso. Wosowa zonsezi anabwerera ndi wodwala wace kunyumba. Apa madotolo sangasambe m'manja konse. Koma colakwa cacikuru cili pa iwo amene analemba dzina pa pangano osafuna kulisunga.

Akuru a zipembedzo analowa pakati, ndipo pa 14 March 2017, atatha masiku 100, madotolo anabwerera ndi malipiro oonjezedwa. Mu June anamwino analeka nawonso kufikira November. Ndipo mu March 2024 madotolo aja anaturukanso masiku 56, nati pangano la 2017 silinasungidwe lonse.