UKWATI WA MAKOLO M'CIGWA CA DOMASI

M'cigwa ca mtsinje wa Domasi, kunsi kwa mapiri a Zomba ndi Malosa, munali Anyanja kuyambira kale. Ayao anafikamo m'zaka za m'ma 1860, ndipo mfumu yao yaikuru inali Malemia. Mitundu iwiriyi inali kuwerengera ana kucikazi. Motero ukwati sunali kumangidwa ndi cuma ai, koma ndi ankhoswe.

Mnyamata akaona mbeta, anali kuuza amalume ace, ndipo iwo anali kukaonana ndi amalume a mkaziyo. Akagwirizana, mbali zonse ziwiri zinali kukumana pa cinkhoswe, ndi kupatsana nkhuku. Kuyambira tsikulo ndeu iri yonse, matenda, ngakhale maliro a m'banjamo, zinali kufika poyamba kwa ankhoswe. Ukwati wopanda ankhoswe unali kuyesedwa cibwenzi cabe, ndipo mlandu wace unali wobvuta kumveka pabwalo.

Mwamuna ndiye anali kusamuka. Anali kumanga nyumba kwao kwa mkazi, ndi kulima munda wa apongozi ace. Umenewu ndiwo ukamwini. Mkamwini sanali kudya pamodzi ndi apongozi ace akazi, ndipo akakumana nao panjira anali kupatuka. Akaoneka waulesi kapena wankhanza, ankhoswe anali kuweruza, iye nkunyamula mphasa yace kubwerera kwao. Ana anali kutsala kwa amai ao.

Banja linali kusungidwanso ndi mantha a mdulo, umene Ayao amaucha ndaka. Mkazi ali kumwezi, kapena atacita cigololo, sanali kuthira mcere m'ndiwo, kuopa kuti odyawo angatupe miyendo ndi kudwala cifuwa. Anali kutuma mwana wamng'ono kuti athire. Mwamunanso akayenda ndi mkazi wina, mkazi wace ali ndi pakati, anthu anali kuti adzabvutika pobala. Madokotala sanaupeze mdulo m'mcere. Komabe mantha amenewo analetsa ambiri kusokoneza mabanja ao.

Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland anatsegula mishoni pa Domasi, ndipo Akristu anayamba kukwatira m'chalichi. Ayao ambiri analowa Cisilamu, namanga ukwati wa ndowa pamaso pa shehe. Koma miyambo yatsopanoyi sinacotse wakale uja. Kufikira lero lino, mbusa asanadalitse ukwati, amayamba wafunsa ngati ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo.