Bokosi Limodzi: Mmene Riferendamu ya 1993 ndi Chisankho cha 1994 Zinayendera

Tikakumana pa msonkhano wathu wa pachaka nkumakumbutsana za kubwera kwa matipate, kawirikawiri timatchula maina a akuluakulu: Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, a Chakufwa Chihana, a Bakili Muluzi ndi maepiskopi amene analemba kalata ija ya pa 8 Malichi 1992. Nkoyenera ndithu. Koma ine, monga munthu amene ndakhala zaka zambiri pa ntchito ya boma, ndikufuna tione mbali ina imene sitchulidwatchulidwa: ntchito yaikulu yofikitsa pepala la voti m'manja mwa Mmalawi aliyense, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndi kuliwerenga mosabera.

Mu Okutobala 1992 Dr. Banda analengeza kuti kudzakhala riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Poyamba tsiku lake linali 15 Malichi 1993, koma a bungwe la United Nations analangiza kuti nthawi inali yochepa, ndipo tsikulo analisunthira pa 14 Juni. Bungwe loyendetsa riferendamuyo linkatsogozedwa ndi Pulofesa Brown Chimphamba a ku Yunivesite ya Malawi.

Taganizirani dziko lathu mmene linalili nthawi imeneyo. Kunalibe chitupa cha unzika, pakuti chimenechi chabwera mu 2017. Kunalibe mafoni a m'manja ngakhalenso wayilesi ya kanema. Wayilesi inali imodzi yokha, ya MBC. M'maboma a m'malire munali anthu othawa nkhondo ku Mozambique okwana pafupifupi 1 miliyoni, ambiri a iwo olankhula zinenero zathu zomwezi, kotero kuti mlembi wa kalembera anayenera kudalira mafumu ndi mboni pofuna kudziwa mwinimudzi ndi mlendo. Katundu wopita ku Likoma ndi Chizumulu anayenera kuwoloka nyanja.

Mkangano waukulu unali pa mabokosi. Boma linkafuna mabokosi awiri m'chipinda chovotera, lina la chipani chimodzi, lina la matipate, monga zinkakhalira pa zisankho za aphungu kale. A AFORD ndi UDF anakana kwamtuwagalu, mpaka kuopseza kuti anyanyala. Mantha awo anali omveka. Bokosi lobisika m'chipinda nkosavuta kulidzaza mapepala kapena kulisowetsa, ndipo munthu wa kumudzi amene anakula akuopa a Payoniya sakanakhulupirira kuti palibe womuona. Mu Meyi 1993, kutangotsala masabata ochepa, anagwirizana za bokosi limodzi. Wovota ankalandira mapepala awiri, lina la tambala wakuda, lina la nyali. Akalowa m'kachipinda ankaika pepala limene wasankha mu envulopu, linalo nkulitaya m'bokosi la zotaya, kenaka nkutuluka kukaponya envulopuyo poyera, aliyense akuona koma wina osadziwa za m'katimo. Zizindikiro zimenezi zinathandiza agogo athu amene sanapite ku sukulu.

Anthu amene analembetsa anali pafupifupi 4.7 miliyoni, ndipo oposa 3 miliyoni anavota. Mwa anthu atatu alionse, pafupifupi awiri anasankha nyali. Ine ndinali ndidakali ku pulayimale, ndipo chimene ndimakumbukira ndi madesiki athu atasanduka matebulo a alembi, ndi mzere wa amayi obereka ana utakhota kuzungulira bwalo la mpira dzuwa lisanatuluke. Aphunzitsi athu omwe aja, amene ankatikwapula tikachedwa, ndiwo anali kufufuza maina m'kaundula ndi kuviika zala za anthu mu inki.

Pasanathe chaka, ntchito yonseyi inayenera kubwerezedwa, ndipo tsopano inali yokulirapo. Bungwe latsopano la chisankho linakhazikitsidwa, wapampando wake ali Jasitisi Anastazia Msosa. Zaka zoyambira kuvota anazitsitsa kuchoka pa 21 kufika pa 18, ndipo kalembera anayambanso mwatsopano. Chodabwitsa nchakuti ngakhale achinyamata anaonjezekera, olembetsa anatsika kufika pafupifupi 3.8 miliyoni, zimene zinachititsa ambiri kukhulupirira kuti kaundula woyamba uja munali maina obwerezabwereza. Madera a aphungu anali 177, ndipo dera lililonse linafuna mapepala akeake, okhala ndi opikisana a deralo. Mtolo umodzi ukasochera nkupita dera lina, anthu a mudzi wonse akanagona pa mzere.

Pa 17 Meyi 1994 pafupifupi anthu 80 mwa 100 alionse olembetsa anavota. A Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Dr. Banda 33, a Chihana 19. Ku Nyumba ya Malamulo UDF inatenga mipando 85, MCP 56 ndipo AFORD 36. Dr. Banda anavomera kugonja pa wayilesi zotsatira zonse zisanalengezedwe, ndipo a Muluzi analumbiritsidwa pa 21 Meyi ku Blantyre. Kuvomera koteroko kunatheka chifukwa manambala ofika ku likulu anali ochokera m'manja mwa anthu amene anawerenga pamaso pa oimira zipani zonse.

Zaka zotsatira zatiphunzitsa kuti ntchito imeneyi ikasokonekera, dziko lonse limagwedezeka. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo umodzi mwa maumboni akulu unali Tipp-Ex wopakidwa pa mapepala a zotsatira. Chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni 2020. Pofika pa chisankho cha 16 Seputembala 2025, olembetsa anali ataposa 7 miliyoni ndipo madera a aphungu anali 229.

Anzanga, ambiri mwa ife ndi aphunzitsi, alembi, akauntanti ndi oyendetsa galimoto za boma. Chisankho chikayandikira, ndife amene timaitanidwa kukagona m'kalasi pafupi ndi mabokosi ndi kusayina mafomu usiku tulo tili m'maso. Pajatu mutu umodzi susenza denga. Mukadzaitanidwa, kumbukirani kuti mu 1993 dziko linatsala pang'ono kulephera kuvota chifukwa cha funso loti mabokosi akhale angati. Werengani kawiri, lembani nambala yooneka bwino, ndipo musasayine chimene simunachione.