Malikhweru a Sitima M'chifunga

Chifunga chikagwa panyanja, woyendetsa sitima amadalira khutu. Kaliridwe ka hutala ndi belu pa nthawi yotere kali m'lamulo la nambala 35 la malamulo opewera kugundana kwa sitima, omwe mayiko adagwirizana mu 1972 pansi pa bungwe loona za maulendo a panyanja la IMO ndipo adayamba kugwira ntchito mu 1977. Lamuloli silitha ndi chifunga chokha ayi. Mvula yamkuntho ndi fumbi nazonso zikaphimba maso limagwira, usana ndi usiku.

Kulira kulipo kuwiri: kwakufupi, kwa sekondi imodzi, ndi kwakutali, kwa masekondi 4 mpaka 6. Sitima ya injini yomwe ikuyenda imaliza kwakutali kamodzi, n'kubwereza mphindi ziwiri zisanathe. Ikaima pamadzi koma nangula isanaponye, imaliza kwakutali kawiri motsatizana. Kwakutali kamodzi kotsatiridwa ndi kwakufupi kawiri n'kwa sitima yomwe singapatuke msanga: yowonongeka, yoyendera mphepo, yokoka inzake, kapena ya asodzi makoka ali m'madzi.

Yoponya nangula siidalira hutala. Mmalinyero amaima pabelu n'kuliza mwachangu kwa masekondi asanu, ngelengele, mphindi iliyonse. Sitimayo ikafika mamita 100 m'litali, belu limalira kutsogolo, kenaka wina kumbuyo amamenya chitsulo cha mawu ena, kuti wakumva adziwe kuti pakati pa mawu awiriwo pali chimphona. Yotitimira pamchenga imawonjezera kugogoda belu katatu lisanalire ndi pambuyo pake.

Boti losakwana mamita 12 silikakamizidwa kuliza mwa njira zonsezi, komabe silingakhale chete: liyenera kumveketsa phokoso lomveka bwino mphindi ziwiri zisanathe, kaya ndi wezulo kaya ndi lipenga.

Vuto lake, likhweru limanena chimene sitima ikuchita, osati pamene ili. Chifunga chimasokoneza khutu. Mawu ochokera kumanja amatha kumveka ngati a kutsogolo, ndipo hutala wa sitima zikuluzikulu amayembekezeka kumveka mamailosi awiri okha a panyanja. N'chifukwa chake lamulo la nambala 19 limati womva likhweru chakutsogolo kwake achepetse liwiro mpaka pongokwanira kuwongola sitima, kapena aime kumene. Ngakhale makina a rada sadachotse udindowu. Pa 25 Julayi 1956 sitima za Andrea Doria ndi Stockholm zidagundana pafupi ndi Nantucket, dera lodziwika ndi chifunga, zonse zili ndi rada, ndipo Andrea Doria idamira m'mawa mwake.